Chipembere cha Dürer: Luso Lalikulu, Umboni Wopereŵera

M'chaka cha 1515 chipembere cha ku India, cha nyanga imodzi, chinafika ku Lisbon. Albrecht Dürer, mmisiri wa ku Nuremberg, sanachione ndi maso. Anatsata kalata ndi chojambula cha munthu wina, najambula chifanizo chimene chinasemedwa pathabwa ndi kusindikizidwa.

Luso lake nlosakanika: mizere yake ipatsa nyamayo kulemera ndi ukali, kotero kuti wopenya ayesa yamoyo. Koma anaiveka chikopa chonga malaya achitsulo a msilikali, mamba m'miyendo, ndi kanyanga kopotoka pakati pa mapewa, kamene chipembere chilibe. Makina osindikizira sasankha. Anachulukitsa cholakwa pamodzi ndi kukongola, ndipo mabuku a ku Ulaya anatengera chifanizocho zaka zoposa 200.

Chaka chotsatira, 1516, Erasmus anasindikizitsa Chipangano Chatsopano cha Chigriki ku Basel, pofuna kuti ophunzira atunge pakasupe penipeni, osati kumunsi kumene madzi avunduka. Muyeso umenewu chifanizo cha Dürer sichiukwana. Inu aphunzitsi, ana akhulupirira chithunzi cha pakhoma koposa mawu anu. Musanachipachike, yambani mwafunsa ngati wojambulayo anachionadi chimene anajambula.