Kufuula Si Kuchita Sewero

Kuyambira mu 1969, mpikisano wa zisudzo wa ATEM ndiwo wakhala sukulu yaikulu ya zisudzo m'dziko muno, ngakhale ulibe kalasi, mayeso kapena satifiketi. Koma omwe adauyambitsa ndi aphunzitsi a Chingerezi, ndipo chomwe ankafuna n'chakuti ana a sekondale aziyankhula Chingerezi mosadodoma. Sewero lidalowa m'sukulu kudzatumikira chiyankhulo, ndipo chipsera chake chikuonekabe.

Lowani m'holo tsiku la mpikisano. Ana asanu aima mondondozana, onse ayang'ana kwa majaji. Mmodzi akukhuthula mawu akuluakulu, misempha ya m'khosi ili njo, anzake akungodikira kuti amalize nawonso ayambe zawo. Nkhalamba yathiridwa choko m'mutu, ikunjenjemera ndi ndodo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chidakwa chikudzandira. Mayi woferedwa akugubuduka pansi, holo yonse ili m'manja. Ana amenewa luso ali nalo, ndipo kuloweza masamba onse aja si masewera. Chomwe sadaphunzitsidwe ndi kumvetsera.

Sindikunyoza mpikisanowu. Du Chisiza Jr. adatulukira pomwepa: sewero lake la The Deceased's Attack lidapambana iye ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre, ndipo mu 1987 adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Vuto ndi omutsanzira. Adatola Chingerezi chake cholemera, nasiya ukatswiri wake wogwira holo yonse m'manja.

Wochita sewero weniweni ntchito yake imakula pamene mnzake ndiye akuyankhula. Mtsikana akuuzidwa kuti bambo ake amangidwa: kodi uthengawo ukumufika liti? Pa liwu liti? Akuyamba wakana kaye, kapena waseka poganiza kuti n'zocheza? Manja ake, omwe amatsuka mbale, aima kapena akutsukabe mbale yoyera kale? Mwana amene waloweza kuti "apa ndilire" amayamba kukwinya nkhope mnzake asadatsegule n'komwe pakamwa, ndipo oonera, ngakhale sangafotokoze chalakwika, amadziwa kuti anamizidwa. Kumvetsera kumaphunzitsika, ndipo sikulira ndalama. Patironi wa kalabu ya zisudzo alande mapepala, awauze ana awiri achite gawo lomwelo m'mawu awoawo, wina asayankhe mpaka atamvadi zomwe mnzake wanena. Kenaka achitenso popanda liwu lililonse. Zomwe zatsala mawu atachotsedwa ndizo sewero. Ngati sipadatsale kanthu, ndiye kuti anawo amangolakatula.

Nkhani ya mawu nayo imasokonezedwa. Maholo athu ambiri ndi a malata, opanda zokuzira mawu, choncho mwana amauzidwa kuti "kweza!" Iye amakweza ndi kukhosi, pofika pakati pa sewero mawu asasa. Mawu omveka kumbuyo kwa holo amachokera m'mimba, pa mpweya wosungidwa bwino, ndi pa kutchula zilembo momveka. Wodziwa zimenezi atha kunong'ona wakumapeto n'kumva. Wofuula alibe kokwera: akayamba ndi ukali wonse pa tsamba loyamba, pofika pomwe nkhani yafikadi pa mponda chimera amakhala alibe chotsala.

Amene akufuna chitsanzo cha kumvetserana asavutike kupita kutali. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, ankaseketsa anthu osati ndi nthabwala zokha, koma ndi kadikiridwe. Wina akaponya mawu, mnzake ankayamba wamuyang'ana kaye, n'kusiya kamphindi kuti anthu aganize okha chomwe chikubwera. Kamphindi kameneko n'kovuta kukapeza m'chiyankhulo chomwe ukuchiopa. Mwana wa Fomu 2 amene mtima uli pa kuopa kuphonya galamala sangamvetsere mnzake; akumvetsera lilime lake lomwe. N'chifukwa chake ndimaona kuti ngakhale sewero likhale la Chingerezi, kukonzekera kuyambe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, chilichonse chomwe anawo amakanganira ku hositelo. Thupi likadziwa nkhani, Chingerezi chimadzavala pamwamba ngati yunifolomu.

Palinso za malo. Timaganiza kuti sewero limafuna nsanja yokwera ndi makatani, chonsecho ana omwewa adakulira pa bwalo, pomwe oonera amazungulira ndipo gule sabisa msana chifukwa msanawo nawo ukuvina. Adakulira pa nthano, pomwe wokamba sapitirira omvera asadavomere kuti "tili tonse". A Travelling Theatre a ku Chancellor College, ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, adaitenga nzeru imeneyi napita nayo kumidzi, monga ku Mbalachanda mu 1981, komwe sewero linkapangidwa pamodzi ndi eni mudzi. Sukulu yopanda holo sidasowe kanthu. Kuyeserera pansi pa mtengo, anzawo atazinga mbali zonse, kumathetsa msanga chizolowezi choima pamzere.

Za uthenga ndingonena mwachidule. M'nthawi ya chipani chimodzi, sewero lililonse linkayenera kudutsa ku Censorship Board, ndipo olemba adaphunzira kubisa mbola m'nthano, m'mbiri yakale ndi m'mikuluwiko. Sitikufuna masiku amenewo abwerere, koma luso lophiphiritsa lidapita nawo. Lero sewero la ana limatha ndi munthu wovala tayi akulangiza holo za Edzi kapena maukwati a ana, kubwereza zomwe tangoona ndi maso athu.

Wosenza zonsezi ndi patironi, yemwe kawirikawiri ndi mphunzitsi wa Chingerezi wosaphunzirapo zisudzo, wongopatsidwa kalabu chifukwa wina adakana. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi yemweyo m'mawa amaphunzitsa Macbeth ana atakhala pa madesiki, akulemba manotsi a MSCE, ndipo madzulo amakayendetsa kalabu ngati ziwirizi n'zosadziwana. Atangokankhira madesiki kukhoma kamodzi pa sabata, ana awiri n'kuimirira kuchita gawo lomwe Macbeth ndi mkazi wake akunong'onezana atangopha mfumu, kalasi yonse ingamve chifukwa chake ziganizo za pamenepo zili zoduladula, ndipo a kalabu angapeze gawo limodzi lomwe silitheka kulichita mofuula.