Kodi Chilungamo Chingaphunziridwe pa Yunivesite?

Pali ntchito zina zimene munthu amaziphunzira m'buku, ndipo pali zina zimene amazidziwa pozigwira. Mwezi uno tafuna kuti tilingalire za ntchito imene imafuna zonse ziwiri, ndiyo ya mphunzitsi wamkulu, ndiponso za maphunziro amene mayunivesite a ku United States amapereka kwa aphunzitsi ofuna kukhala pa mpando umenewu. M'zigawo zambiri za dziko limenelo mphunzitsi sakhala mkulu wa sukulu ya boma chifukwa chongokhalitsa pa ntchito ayi. Amayenera kubwerera ku yunivesite, kukatenga digiri yachiwiri kapena maphunziro ena apamwamba, kenaka n'kulandira chiphaso cha chigawo chake. Pa zaka zapitazi mayunivesite ambiri akhala akulonjeza kuti adzatulutsa akuluakulu a sukulu oika chilungamo patsogolo. Lonjezo limeneli ndi lolemera, ndipo nkoyenera kuti tiliike pa sikelo.

Poyamba timvetse chilungamo chimene akunenacho. Iwo amasiyanitsa kugawa mofanana ndi kugawa molingana ndi kusowa kwa munthu. Mayi wa ana atatu, mmodzi mwa iwo atangodzuka kumene pa mphasa ya matenda, amaonjezera phala m'mbale ya wodwalayo, ndipo palibe amene amati mayiyo ngwokondera. Chimodzimodzinso pa sukulu. Mwana wa m'banja losauka, mwana amene kwawo salankhula Chingerezi, ndi mwana wolumala, onsewa amafuna chisamaliro choposa cha anzawo kuti afike pamene anzawowo akufika. Ichi ndicho chimene Amereka amachitcha equity, ndipo ife tizingochitcha chilungamo.

Nanga nchifukwa ninji maso onse ali pa mphunzitsi wamkulu? M'chaka cha 2004 Kenneth Leithwood ndi anzake, mothandizidwa ndi bungwe la Wallace Foundation, adasanthula kafukufuku wa zaka zambiri ndipo adapeza kuti mwa zinthu zonse za pa sukulu zimene zimakhudza kuphunzira kwa mwana, utsogoleri umangoposedwa ndi kaphunzitsidwe ka m'kalasi mokha. Izi nzosadabwitsa. Mphunzitsi wamkulu ndiye amene amanena kuti mphunzitsi waluso atenge kalasi liti ndipo wongoyamba kumene atenge liti. Ndiye amene amasaina kalata yoimitsa mwana sukulu. Chiwerengero cha boma cha chaka cha maphunziro cha 2013 mpaka 2014 chidaonetsa kuti mwana wakuda ankaimitsidwa sukulu kochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi mwana woyera. Makalata onsewo adadutsa pa desiki la munthu wina. Motero maphunziro a munthu wokhala pa desikilo si nkhani yaing'ono.

Komatu mbiri ya maphunziro amenewa siyosangalatsa. M'chaka cha 2005 Arthur Levine, amene panthawiyo adali mkulu wa Teachers College pa yunivesite ya Columbia, adatulutsa lipoti lotchedwa Educating School Leaders. Iye adanena mosapsatira kuti ambiri mwa maphunziro okonzekeretsa akuluakulu a sukulu adali operewera, ndipo ena adali omvetsa chisoni. Khomo lolowera lidali lotseguka kwa aliyense. Aphunzitsi ambiri ankalembetsa chifukwa digiri yachiwiri inkawakwezera malipiro, osati chifukwa ankafuna kudzatsogolera sukulu. Mayunivesite nawo ankakondwera ndi ndalama za fizi zimene zinkalowa popanda kuwonongapo zambiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo Levine adaung'amba mkuyuwo anthu onse akuona.

Tiyenera kuvomereza kuti kudzudzulako kudabala zipatso. M'chaka cha 2010 chigawo cha Illinois chidakhazikitsa lamulo lokakamiza mayunivesite ake onse kukonzanso maphunziro amenewa. Lamulolo lidafuna kuti ophunzira azisankhidwa mosamala, kuti yunivesite izigwirizana ndi maofesi oyendetsa sukulu za m'dera, ndiponso kuti wophunzira aziyesedwa ali pa sukulu yeniyeni, kuphatikizapo pa ntchito yosamalira ana olumala ndi ana amene akuphunzira kumene Chingerezi. Ku University of Illinois at Chicago adali atayamba kale njira yotere: wosankhidwa amatha chaka chathunthu akugwira ntchito pansi pa mphunzitsi wamkulu wodziwa, ndipo akalandira sukulu yakeyake amapitiriza kuyenderedwa ndi mlangizi amene adakhalapo pa mpando womwewo. M'chaka cha 2015 mudatuluka miyeso khumi yatsopano ya utsogoleri wa sukulu m'dziko lonselo, ndipo muyeso wachitatu udali wa chilungamo ndi kulemekeza chikhalidwe cha ana.

Mwa zonse zimene maphunzirowa amaphunzitsa, chimene ife tikuchiyamikira koposa ndi kawerengedwe kamene Linda Skrla, James Scheurich ndi anzawo adakafotokoza m'chaka cha 2004. Mphunzitsi wamkulu amatenga mabuku a sukulu yake nayamba kufunsa mafunso osavuta kumva koma owawa kuyankha. Kodi aphunzitsi odziwa ntchito akuphunzitsa ana ati? Kodi m'makalasi a masamu apamwamba mwadzaza ana a mtundu uti? Kodi amene akulembedwa kuti ndi ovutika kuphunzira, kapena amene akulangidwa kawirikawiri, ndi ana a yani? Ubwino wa njira imeneyi ngwakuti siitsutsa mtima wa munthu, umene palibe angauone, koma imaonetsa zochita zake zolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Mphunzitsi wamkulu amene adawerengapo chotere sangathenso kunena kuti sankadziwa.

Tayamikira zoyenera kuyamikira. Tsono tinene zimene zikutidetsa nkhawa, ndipo zilipo zinayi.

Choyamba nchakuti mawu ndi osavuta kuphunzira kuposa kulimba mtima. Yunivesite imadziwa kupereka mamalikisi pa nkhani yolembedwa bwino, ndipo wophunzira wochenjera sachedwa kuzindikira mawu amene aphunzitsi ake amakonda kumva. Koma chilungamo cha pa sukulu chimayesedwa tsiku limene mphunzitsi wamkulu auza mnzake amene wagwira ntchito zaka makumi awiri kuti chaka chamawa adzasiye kalasi la ana anzeru nakatenge kalasi la ana otsalira. Chimayesedwa pamene makolo olemera, amene amadziwa khomo la ofesi iliyonse, abwera kudzakana kusinthako. Palibe mayeso olemba amene angaonetse kuti munthu adzaima nji pa tsiku limenelo. Pali choopsa chinanso. Ngati wamkuluyo aweruzidwa ndi chiwerengero chokha, akhoza kuchepetsa makalata oimitsa ana, koma n'kumaitana makolo mwakachetechete kuti adzatenge mwana wawo asanaweruke, popanda kulemba kanthu. M'buku muoneka bwino, pamene mwanayo waphonya phunziro monga kale.

Chachiwiri nchakuti maphunzirowa amasenzetsa munthu mmodzi katundu amene si wake yekha. Ku United States gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo wa dera limene sukuluyo ili. Dera la nyumba zodula limatolera zambiri ngakhale msonkho wake utakhala wotsika, pamene dera losauka limatolera zochepa ngakhale litadzipanikiza. Makolo a ku Edgewood, dera losauka la mzinda wa San Antonio ku Texas, adakadandaula za zimenezi ku khoti, ndipo m'chaka cha 1973 Bwalo Lalikulu la dzikolo lidagamula mlandu wa Rodriguez mowakanira, oweruza 5 kutsutsana ndi 4. Bwalolo lidati malamulo aakulu a dziko sateteza maphunziro ngati ufulu wachikhazikitso. Kuyambira pamenepo nkhondo ya ndalama yakhala ikumenyedwa chigawo ndi chigawo. Mphunzitsi wamkulu angathe kugawa mwachilungamo chimene wapatsidwa, koma sangathe kukulitsa mphika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo maphunziro amene sauza wophunzira malire a mphamvu zake amamutumiza kukagwa mphwayi.

Chachitatu, chimene chikutikhudza kwambiri, ndi kuiwala mbiri. Munthu akamamva malonjezo a masiku ano angaganize kuti mphunzitsi wamkulu wophunzira bwino ndi wokonda chilungamo ndi chinthu chatsopano. Sichoncho ayi. Nthawi ya tsankho, zigawo za kum'mwera zinkakana kulandira anthu akuda m'mayunivesite awo, ndipo zambiri zinkalolera kuwalipirira kuti akaphunzire kumpoto. Motero aphunzitsi akuda ambiri adatenga madigiri apamwamba ku mayunivesite otchuka monga Columbia ndi New York University, nabwerera kwawo kukatsogolera sukulu za ana akuda. Pamene Bwalo Lalikulu lidathetsa tsankho la m'sukulu pa mlandu wa Brown m'chaka cha 1954, sukulu zambiri za akuda zidatsekedwa, ndipo akuluakulu ake adachotsedwa ntchito kapena kutsitsidwa. Ofufuza amawerengera kuti pakati pa 1954 ndi 1965 aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu akuda oposa 38,000 adataya ntchito m'zigawo 17. Nkhaniyi idafika mpaka ku komiti ya Senate m'chaka cha 1971. Leslie Fenwick, m'buku lake la 2022 lotchedwa Jim Crow's Pink Slip, adaonetsa kuti kawirikawiri ochotsedwawo adali ophunzira kuposa azungu amene adalowa m'malo mwawo.

Phunziro lake nlomveka. Anthu amenewo adali ndi digiri, adali ndi luso, ndipo ankadziwa ana awo ndi maina. Chimene adalibe ndi mphamvu pa iwo olemba ndi kuchotsa ntchito. Zotsatira zake zikuonekabe: kuyambira chaka cha 2014 ana oyera sakwananso theka la ana a m'sukulu za boma, koma chiwerengero cha 2020 mpaka 2021 chidaonetsa kuti akuluakulu a sukuluzo oposa atatu mwa anayi alionse adali oyera. Sitikunena kuti khungu la munthu ndilo limamupatsa chilungamo. Tikunena kuti yunivesite imene ikufuna kukonza zinthu iyambe yafunsa kuti ndani akuitanidwa kudzaphunzira, ndani angakwanitse fizi, ndipo ndani akupatsidwa sukulu akamaliza.

Chachinayi ndi kusakhalitsa. Lipoti la bungwe la Learning Policy Institute la chaka cha 2019 lidaonetsa kuti mwa akuluakulu a sukulu 100 alionse, 18 adali atachoka pa malo awo patangopita chaka chimodzi, ndipo m'sukulu za ana osauka kwambiri ochokawo adali 21. Kusintha sukulu kumafuna zaka. Pamafunika kuti makolo ayambe kukhulupirira wamkuluyo, kuti aphunzitsi abwino alembedwe ndi kusungidwa, ndiponso kuti ana amene adalowa ali otsalira aoneke akutuluka ali okhoza. Ngati wophunzitsidwa bwino uja achoka zipatso zisanaoneke, ana osauka ndiwo amayambanso ndi mlendo. Yunivesite imene imawerenga omaliza maphunziro, koma osawerenga amene adakali pa sukulu yomweyo patapita zaka zisanu, ikuwerenga mbewu zofesedwa m'malo mwa zokolola.

Pamwamba pa zonsezi pabwera mphepo ya ndale. M'mwezi wa February chaka cha 2025 unduna wa maphunziro wa boma la Donald Trump udalengeza kuti wathetsa thandizo la ndalama zoposa madola 600 miliyoni zophunzitsira aphunzitsi, ponena kuti maphunzirowo ankafalitsa maganizo ogawanitsa anthu. Ife sitikuona kuti kufunsa chifukwa chimene ana ena amalangidwa kuposa anzawo ndiko kugawanitsa anthu, pakuti kugawanikako kudalipo funsolo lisanafunsidwe. Komabe mphepo imeneyi ikhoza kuulula zoona zina. Maphunziro amene chilungamo chake chidali m'mawu okha adzatsala opanda kanthu mawuwo akachotsedwa. Maphunziro amene adaphunzitsa munthu kuwerenga mabuku a sukulu yake, kukonza ndandanda wa makalasi, kuyendera makolo amene saponda pa sukulu, ndi kulankhula zoona kwa mphunzitsi waulesi, adzapitirira kuthandiza ana ngakhale dzina lake litasinthidwa.

Nanga tsono tiyankhe bwanji funso limene tidayamba nalo? Ife tikuona kuti yunivesite ingathe kutsegula maso a munthu ndi kumupatsa zipangizo, ndipo zimenezi si zazing'ono. Ingathenso kusankha bwino, kumuika munthuyo pa sukulu yeniyeni kwa nthawi yokwanira, ndi kumuperekeza zaka zoyamba zovutazo. Koma siingathe kumupatsa mtima woona mwana wa mnzake ngati wake yemwe, ndipo siingathe kumuteteza kwa amene ali ndi mphamvu yomuchotsa. Kumeneko kumafuna makolo, aphunzitsi anzake ndi oyendetsa sukulu za m'dera kuti aime naye.

Tikadapatsidwa mwayi woyesa maphunziro amenewa, sitikadapempha mndandanda wa mabuku amene ophunzira amawerenga. Tikadapempha kuti atitengere ku sukulu ya mmodzi mwa omaliza awo patapita zaka zitatu, tikaone ndandanda wa makalasi wopachikidwa m'chipinda cha aphunzitsi. Pamenepo tikadafufuza dzina la mphunzitsi waluso koposa onse, ndi kuona ngati walembedwa pa kalasi la ana amene akumufuna koposa.