Sukulu ya Mfutso kwa Ndake

Wodutsa pa Nyimba pa msewu wa Great East amakumbukira nthochi zimene amayi amatukulira pa mawindo a basi. Koma kumidzi ya kwa Mfumu Ndake kuli ntchito ina yosaonekera kumsewu: agogo a Chinsenga kuphunzitsa adzukulu kufutsa ndiwo.

Mvula ikamapita kumapeto, mwana amatumidwa kukathyola khwanya, chitambe ndi chibwabwa. Apa pali phunziro kale, chifukwa ayenera kutenga masamba anthete osapha nsonga, mbewu ipitirize kuyanga. Masambawo amawafwafwaza pang'ono m'madzi owira, kuwafinya, n'kuwayanika pamphasa. Mwana ndiye mlonda wa nkhuku ndi mbuzi, komanso wa mitambo, poti mfutso ukanyowa umachita nkhungu. Ukauma gwa, agogo amaukulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, chikwatu n'kupachikidwa kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Mu Okutobala, dzuwa la ku Luangwa litapsereza tchire lonse, banja limadyabe ndiwo zamasamba zotendera nsinjiro.

Maphunziro a zaulimi amachokeranso kwina. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse izilima kapena kuweta, ndipo lero bungwe la COMACO limaphunzitsa alimi a m'chigwa cha Luangwa kubzala mitengo ya gliricidia m'minda ndi kuweta njuchi. Zonsezi n'zabwino. Komabe ine ndimapereka ulemu woyamba kwa agogo aja, amene mwana wa zaka 8 amachoka m'manja mwawo akudziwa kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha.