Kukhululuka Kopanda Ankhoswe: Maganizo pa Buku la Redeeming Love

Buku la Francine Rivers lotchedwa Redeeming Love, limene lidatuluka koyamba mu 1991, ndaliwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndidalimaliza nditalengeza misozi. Ulendo wachiwiri ndidaliwerenga pensulo ili m'manja, ndipo m'pamene funso ili lidayamba kundisautsa: kodi m'banja limeneli wolakwa ndani, ndipo adalakwanji?

Nkhaniyi ikuchitikira ku California mu 1850, patapita zaka ziwiri chipezekere golide pa Sutter's Mill. Amuna adakhamukira kumeneko ngati ngumbi, akazi ali owerengeka. Mlimi wina wopemphera, Michael Hosea, aona Angel, mkazi wogulitsa thupi m'tauni ya Pair-a-Dice, namva Mulungu akumuuza kuti amkwatire. Mlembi sabisa kuti maziko a nkhani yake ndi mneneri Hoseya ndi mkazi wake Gomeri. Monga Gomeri, Angel sakhazikika pabanja. Athawa, abwezedwa, athawanso.

Alembi a mabuku otere amalikonda dziko la kumalire kumene Azungu adali kungofika kumene, chifukwa kumeneko munthu alibe abale. Mu Love Comes Softly, buku la Janette Oke la mu 1979, Marty akwatiwa ndi Clark Davis maliro a mwamuna wake atangoikidwa, poti alibe kolowera ndipo chisanu chayandikira. Kulibe malume, kulibe nkhoswe, kulibe bwalo. (Ngakhale eni nthaka amene Azunguwo adawapeza saoneka kwenikweni, dziko lachita kusesedwa kuti anthu awiri ayambirepo moyo watsopano.) Kwathu kuno mkazi akachoka pabanja, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, ndipo mwamuna naye amafunsidwa mafunso. M'buku la Rivers wodandaula, woweruza ndi wokhululuka ndi munthu mmodzi yemweyo.

Apa ndiye pagona vuto langa. Angel adagulitsidwa kwa Duke ali ndi zaka 8. Uhule sadausankhe. Ukwati womwe sadausankhe bwinobwino, pakuti adavomera ali chigonere, atamenyedwa mpaka kutsala pang'ono kufa. Tsono munthu wotere akathawa kwa mwamuna amene sadamfune, tiziti wachimwira banja? Kwa mneneri Hoseya fanizoli limayenda bwino, poti mwamuna akuimira Mulungu ndipo mkazi akuimira Israele. Koma ukalitsitsa fanizolo nkuliika m'kanyumba ka mitengo, pakati pa anthu awiri odya mbale imodzi, mwamunayo walandira mpando umene suli wake. Mulungu salakwa, mwamuna amalakwa. Chikhululukiro cha Michael chimangoyenderera mbali imodzi ngati madzi a pa chitunda, ndipo ine ndidatopa nako kuleza mtima kwake.

Komabe ndingakhale wabodza nditati Rivers ndi mlembi wamphwayi. Amadziwa kuti kulandira chikhululukiro kumapweteka kuposa kuchipereka. Pamene Angel alowa mu mtsinje nadzikhula thupi mpaka kudzisupula, poyesa kuchotsa litsiro limene madzi sangachotse, palibe ulaliki. Tikungoona munthu amene kukoma mtima kwa mnzake kwamsandukira chikwapu.

Ndipo kuthawa kwake komaliza ndiko kudandigwira mtima koposa. Ulendo uno sathawa chifukwa cha chidani. Akudziwa kuti Duke adamuononga kuti asadzabereke, choncho achoka kuti Michael akwatire Miriam, mtsikana wa pa banja loyandikana nalo, apeze ana. Michael samlondola. Kwa ine ichi ndicho chinthu chanzeru koposa chimene mwamunayu achita m'buku lonse. Angel akhala zaka zitatu ku San Francisco, natsegula nyumba yophunzitsiramo ntchito akazi ofuna kusiya uhule. Kwa nthawi yoyamba ali ndi moyo umene wadzimangira yekha, ndipo akadzabwerera adzabwerera ndi miyendo yake.

Womupeza kumeneko ndi Paul, mlamu wake wa Michael, amene kale adamlipiritsa ndi thupi lake atamnyamula pa ngolo. Paul ndiye apepesa, Angel ndiye akhululuka. Taonani anzanga alembi: kukhululukirana kumene kuli ndi thupi ndi magazi m'buku lonena za ukwati kwachitika kunja kwa ukwatiwo, pakati pa anthu awiri amene onse ali ndi zipsera.

Atabwerera kwa mwamuna wake, Angel aulula dzina lake lenileni, Sarah, limene adalibisa chiyambire. Ndikadakhala ine ndikadalekera pomwepo. Koma Rivers awonjezera tsamba lotiuza kuti Sarah adabereka ana mozizwitsa, monga Sara wa Abrahamu. Pamenepo ndidalemba m'mphepete mwa tsamba kuti: nanga akadapanda kubereka? Banja limene ndimafuna kuliona ndi la Michael ndi mkazi wosabereka atakalamba awiriwiri pa munda paja, ndipo mlembi wandimana.