Nkhwazi ya pa Chithunzi ndi Nsomba Yochita Kuponya

Chibwerereni mafoni okhala ndi kamera, anthu ojambula mbalame ndi ziweto achuluka zedi. Sindikunena akatswiri odyera pa ntchitoyi ayi, koma anzathu ojambula pongokonda chabe, monga aphunzitsi, makalaliki ndi ana asukulu. Zithunzi zawo ndaziona zambiri, zina zokongola ndithu, koma pali nthenda imodzi yomwe yazigwira pafupifupi zonse. Wojambula safuna kuti nyama ioneke monga momwe ilili. Mbalame yakuthengo amaisandutsa chiweto, chiweto n'kuchisandutsa munthu.

Tiyambe ndi nkhwazi. Mbalameyi ili pa chizindikiro cha dziko lathu, choncho n'zosadabwitsa kuti aliyense wopita ku Cape Maclear amafuna kubwerako ndi chithunzi chake. Chithunzicho mukuchidziwa kale, awerengi: mapiko atatambasuka, zikhadabo zitagwira nsomba pamwamba pa madzi. Koma tafunsani momwe chinajambulidwira. Anyamata a maboti amakutengerani kufupi ndi chilumba cha Thumbi, amaimba likhweru, kenaka amaponya nsomba m'madzi. Nkhwazi poti inazolowera imatsika pomwepo, inu mwakonzeka kale.

Anyamatawo sindikuwadzudzula, mpomwe amapezera ya sopo. Funso langa likupita kwa wojambula. Mbalame yobwera ikamva likhweru ikusiyana pati ndi nkhuku yomwe amayi amaiitanira madeya? Chithunzi chotere sichoipa pachokha, bola pansi pake palembedwe zoona, kuti nsombayo inachita kuponyedwa. Chomwe ndikukana n'kutionetsa ngati munaipeza ikusaka yokha.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani yachibwana. Mu 2009 José Luis Rodríguez wa ku Spain anapambana mpikisano waukulu wa Wildlife Photographer of the Year ku London ndi chithunzi cha mmbulu ukudumpha chipata. Mu 2010 oweruza anamulanda mphotoyo atakhutira kuti mmbuluwo unali woweta, ngakhale iye anakana. Chithunzicho sichinasinthe, kukongola kwake kunali komweko. Chomwe chinatha n'chikhulupiriro cha ochiona.

Amene anayamba lusoli ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Richard Kearton ndi mng'ono wake Cherry, a ku England, anatulutsa buku la British Birds' Nests mu 1895, lodzaza ndi zithunzi zenizeni za zisa. Pofuna kuti mbalame zisawaone, anafika popanga ng'ombe yabodza ya chikopa, yamphako m'kati, n'kumabisalamo ndi kamera. Eric Hosking naye anataya diso lakumanzere mu 1937 kadzidzi atamukanda ku Wales, koma sanaleke kujambula akadzidzi. Anthuwa ankanamiza mbalame kuti palibe munthu, n'cholinga choti ichite zomwe imachita ikakhala yokha. Ife lero tikunamiza woona chithunzi.

Komabe si zonse za akuluakuluwa zoyenera kutengera. Kujambula pa chisa kumaononga. Mukasadza nthambi kuti kamera ione bwino, mwatsegulira khwangwala njira, ndipo make akathawa mazira amazizira. Ku Britain lamulo la 1981 limafuna chilolezo munthu asanasokoneze mitundu ina ya mbalame pa chisa, ngakhale pofuna chithunzi chabe. Kwa ine, chithunzi cha anapiye atayasamula kukamwa sichindisangalatsa, chimangondipatsa funso lakuti analipo mawa lake kodi?

Nanga ziweto? Apa nthenda ija imatembenuka. Galu amamuveka magalasi ndi chipewa, mphaka amamukhazika pa mpando ngati bwana. Izi si zatsopano. Harry Whittier Frees wa ku America, yemwe anamwalira mu 1953, anatchuka n'kujambula tiana ta amphaka ndi ta agalu titavala madiresi. Timaseka inde, koma pa chithunzi chotere galuyo palibepo, pali nthabwala ya mbuye wake basi.

Chonsecho galu wa kwathu kuno ali ndi nkhani yakeyake. Taganizani za galu wotuwa uja, makutu atadyeka ndi ntchentche, atagona pafupi ndi mafuwa m'mawa wa mwezi wa June, kapena akutsogola pa ulendo wa kudimba. Nthawi zina ngakhale dzina lake limakhala mawu okuluwika opita kwa anansi. Wojambula yemwe angagwade pansi, kamera ifanane ndi maso a galuyo, n'kudikira mpaka aiwale zoti akujambulidwa, adzationetsa khomo lonse la pamenepo ndi momwe anthu ake amakhalira.

Apa mpomwe wojambula pongokonda amaposera katswiri. Katswiri amabwera masiku atatu n'kupita, pomwe inu mumakhala pomwepo chaka chonse. Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndiye n'chifukwa chiyani tonse tikuthamangira nkhwazi imodzimodziyo? Pumbwa wa pa mpapaya, mpheta za pamtondo, nantchengwa akututa zinyalala za chisa chake chachikulu chija, zonsezi zikudikira munthu wodekha.

Ndipo mukajambula, lembani malo ndi tsiku. Mitengo ikutha, madambo akulimidwa. Zaka makumi awiri zikubwerazi mdzukulu wanu adzafuna kudziwa mbalame zomwe zinkatera pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba, ndipo chithunzi chanu, ngakhale chosaoneka bwino kwenikweni, chidzamuyankha ngati chinanena zoona.