Ndemanga pa Mawu a m'Zikalata Zovomerezera Kafukufuku

Wofufuza amene afuna kuchita kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi muno ayenera kuyamba wapereka ndondomeko yake ku komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, monga NHSRC. Pakati pa mapepala amene amaperekedwa pamakhala chikalata chofotokozera munthu zimene zidzamchitikire, ndipo chikalatachi chimamasuliridwa m'chiyankhulo chake. Mfundo yakuti munthu asalowetsedwe m'kafukufuku asanavomere inakhazikitsidwa m'malamulo a ku Nuremberg a 1947 ndiponso m'chikalata cha ku Helsinki cha 1964. Koma munthu sangavomere chinthu chimene sanachimvetse, ndipo apa ndi pamene zikalata zina za m'Chichewa zimaperewera.

Vuto loyamba lili pa mawu oti "chilolezo". Omasulira amawagwiritsa ntchito ponena za ganizo la komiti ndiponso za kuvomera kwa munthu mwini. Mayi wakumudzi akamva kuti akuluakulu anapereka kale chilolezo, angaganize kuti nkhani inatha ndipo iye alibe mpata wokana. Kukanakhala bwino kusiya mawu oti "chilolezo" kwa komiti, ndipo kwa munthu kulemba kuti "kuvomera mwa kufuna kwanu".

Chachiwiri ndi kusokoneza aneni awiri, "kuyeza" ndi "kuyesa". Kuyeza magazi ndiko kufufuza matenda, pamene kuyesa mankhwala ndiko kuona ngati angachiritse, mphamvu yake isanadziwike bwino. Kusiyana kwake ndi lembo limodzi lokha, koma wodwala amene wawerenga "kuyeza" m'malo mwa "kuyesa" angakhulupirire kuti akulandira chithandizo chotsimikizika.

Chachitatu ndi mawu oti "mwamwayi", amene amalembedwa pofotokoza kagawidwe ka anthu m'magulu. M'Chichewa, mwayi ndi chinthu chabwino chogwera munthu, choncho wosankhidwa amadziona wodala. Mawu oti "mwa maere" ndiwo olondola, pakuti maere sakondera munthu. Chimodzimodzinso mawu achingerezi oti placebo sayenera kungokopedwa monga alili. Ayenera kufotokozedwa kuti ndi chinthu chooneka ngati mankhwala koma chopanda mphamvu yochiritsa matendawo.

Njira yotembenuzanso chikalata kuchoka m'Chichewa kubwerera m'Chingerezi imathandiza kupeza zimene zasiyidwa, koma siyisonyeza ngati wowerenga wamva. Chiganizo chotsata kapangidwe ka Chingerezi chimabwerera bwinobwino m'Chingerezimo, pamene kwa Mchewa chimakhala chomangika. Chikalata chiyenera kuwerengedwa mokweza pamaso pa anthu onga amene adzachisayine, ndipo iwo afotokoze okha zimene amva.

Nkofunika tsono kuti akatswiri a chiyankhulo ndi a zaumoyo akhale pansi ndi kugwirizana pa mawu oterewa. Chidindo cha chala pansi pa mawu osamveka si umboni wakuti munthu anavomera.