Citoliro ca Donald Kachamba ndi Maulendo Ace

Kwa Azungu kuli njira yolimidwa kale imene mwana waluso pa vayolini ayendamo. Vayolini ndico coimbira ca zingwe zinai cokhwekhweza ndi kauta, mbale wace wa kaligo wathu wa cingwe cimodzi. Mwanayo ayamba ali wamng'ono ndithu, aphunzitsi nalandizana naye, kufikira tsiku limene amuimika pamaso pa khamu. Yehudi Menuhin, wobadwira ku New York m'caka ca 1916, anaimba nyimbo yaikuru ya Beethoven mu Carnegie Hall mu 1927, ali ndi zaka 11 zokha, ndipo mu 1935 anazungulira maiko, nafika ndi ku South Africa komwe. Koma tizindikire cinthu cimodzi: nyimbo zace zinali zolembedwa kale pa mapepala, ndipo m'mzinda uli wonse anapeza anthu ozidziwa. Iwo anadza kudzayesa dzanja lace lokha.

Ife olankhula Cinyanja tili naye mnyamata wathu amene anayenda maiko ambiri ndi coimbira m'manja, angakhale panalibe womlimira njira. Ndiye Donald Kachamba wa m'mudzi wa Singano, ku Chileka, pafupi ndi Blantyre. Banja lao linakhalako ku Salisbury, kumene lero ticha Harare, ndipo kumeneko mkuru wace Daniel anatola maimbidwe a kwela, amene anyamata a m'miseu ya Johannesburg, monga Spokes Mashiyane, anachukitsa m'zaka za 1950. Mu 1967 Gerhard Kubik, wa ku Vienna, wofufuza za nyimbo za mu Afrika, anapeza abale awiriwa alikuimba m'tauni ya Blantyre, Daniel pa gitala, Donald pa citoliro, asanakwane zaka 15. Mu 1972 anapita ku Ulaya, ndipo kuyambira pamenepo Donald anayenda ndi Kubik maiko oposa 30.

Tsono funso ndi ili: anthu akutaliwo anamva ciani mwa iye? Citoliro cace sicinali ca bango ai. Cinali kacitsulo ka mabowo 6 kopangidwa ku Ulaya, kotsika mtengo, kamene eni ace anali kugulira ana. Mzungu akaika pa milomo molunjika, ndipo kalira mopyapyala. Woimba kwela akalowetsa m'kamwa ndithu, mopendeka, kukamwa kwace kwa citoliro kutatsamira tsaya m'kati. Pamenepo mau ace anenepa, namveka patali. Ndiponso zala sizitseka mabowo kotheratu nthawi zonse, kotero kuti liu litsetsereka kucoka pena kufika pena monga acitira munthu polira maliro kapena poitana mnzace kutsidya la dambo. Donald anali katswiri pa zimenezi. Mukamvetsera zojambulidwa zace mudzaona kuti sathamangira kuonetsa liwiro la zala. Acedwa pang'ono dala, nalola gitala atsogole, kenaka nampeza. Apa ndipo pagona kukoma kwace.

Ena a ife amene tinaphunzira nyimbo za m'buku ku sukulu za mishoni timanena kuti kwela n'cinthu cimodzimodzi cobwerezabwereza. Zoona, gitala ndi babatoni, ciimbiro cija ca cingwe cimodzi pa bokosi, zingozungulira pamodzimodzi kufikira nyimbo itatha. Koma ndani ananyozapo akazi awiri pa mtondo cifukwa misi yao igunda cimodzimodzi? Kugundako ndiwo maziko. Nyimbo ili pamwamba pace. Wofuna kuweruza Donald amvere cimene citoliro cicita pa ulendo wacisanu ndi wacikhumi wa kuzungulirako, pakuti sacibweza monga anaciyambira. Menuhin anapatsidwa mau onse ndi Beethoven. Donald anali kupeka ali ciimire.

Komabe pali cimene sindikondwera naco m'maulendowa, ndipo mlandu suli pa iye. Kwela inabadwira pa mseu, pamene odutsa aima, nabvina, naponya makobiri. Kunja anamuitana kawirikawiri ndi a masukulu akuru ndi nyumba zosungira miyambo, kumene anthu akhala pa mipando cete, ena ali ndi pensulo m'manja. Nyimbo yobvinira ikasowa obvina itsala ngati ndiwo zopanda nsima: kukoma kulipo, koma munthu sakhuta. Ndiponso womvera wotere amayamba kuona woimbayo ngati citsanzo ca mtundu wace, osati mmisiri wokhala ndi dzina lace ndi maganizo ace. Woimba vayolini sakumana nalo bvuto ili; palibe amene anamvera Menuhin kuti adziwe za makhalidwe a anthu a ku America.

Ndipo pamene Donald anali kuomberedwa m'manja kutali, kuno kwathu makutu anali atatembenukira ku magitala a magetsi ndi rumba ya ku Congo. Buku la Kubik lonena za gulu la abale a Kachamba linasindikizidwa m'Cingelezi mu 1974 ndi Institute for African Studies ya University of Zambia, mu Lusaka mwathu momwemu. Koma ndikaika ngati ambiri a ku Katete, Sinda kapena Vubwi, angakhale a Vubwi amene malire a Malawi ali pakhomo pao, analionapo. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anaitanidwa kukaphunzitsa ku University of California, Los Angeles, mu 1999, ndipo anamwalira mu January 2001. Ophunzira a ku America anaona ndi maso m'mene citoliro cilowera m'kamwa. Ana a sukulu a kwathu ambiri sadziwa ndi dzina lomwe.

Nanga kaligo uja tamchula poyamba? Iyenso ali ndi luso lomwelo la kutsetsereka kwa liu, pakuti cala ciyenda pa cingwe popanda malire, ndipo woimba aciyankhitsa mau ace a pakamwa monga anthu awiri oceza. Gule wamkuru ali nao omsunga: caka ndi caka anthu asonkhana ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kaligo alibe bwalo lotere, cifukwa ndi ciimbiro ca munthu mmodzi, ndipo mwini wace akafa wopanda wophunzira, nyimbo zace zipita naye. Hugh Tracey anajambula oimba kaligo ku Nyasaland m'zaka za 1950, ndipo mau ao asungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Mnyamata wa ku Sinda wofuna kumva m'mene a msinkhu wa ambuye ace anali kukokera uta angayambe wafunsa akuluakulu a m'mudzi mwace. Akalephera, alembe kalata ku Makhanda.